Yamaha, Taylor ndi Martin: zomwe khutu langa lasankha kuno ku Joni

Gitala ya mtengo wa rosewood imakoma ukamaiimba wekha m'chipinda, koma yoimbira kwaya, kapena yoimba ndi zala monga timachitira kwathu, ine ndimasankha ya mahogany. Maganizo amenewa akhazikika mwa ine pang'onopang'ono, poyesa magitala m'mashopu a zoimbira kuno ku Johannesburg, pobwereka a anzanga, komanso poimbira kwaya ya mpingo wathu wa Amalawi ku Rosettenville. Ntchito yanga ndi ya ukalipentala. Ndimapanga ndi kumangirira makabati a m'khitchini m'nyumba za anthu, moti matabwa amakhala m'manja mwanga kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Munthu akandipatsa gitala kuti ndiione, dzina lolembedwa kumutu kwake ndimaliwerenga pomalizira. Ndimayamba ndasuzumira pabowo lapakati.

M'mphepete mwa bowolo ndi momwe mumaonekera thabwa lakutsogolo, lija lomwe mawaya amakokerapo. Mizere ya mtengo ikamatsika bwinobwino kuchoka pamwamba kufika pansi osaduka, thabwalo ndi lenileni, lochekedwa ku chipika. Mukaona timagawo tosanjikizana, imeneyo ndi pulayiwudi yovekedwa khungu lokongola. Mawu ambiri a gitala amabadwira pa thabwa limeneli. Guluu wa pakati pa timagawo ta pulayiwudi amaumitsa thabwa kuti lisanjenjemere momasuka, ndipo gitala yotere imalira chimodzimodzi zaka zonse, pamene ya thabwa lenileni imanka nimasuka mawu ikamaimbidwa. Mu 1862 mmisiri wa ku Spain, Antonio de Torres, anapanga gitala yomwe msana ndi nthiti zake zinali za mapepala omatamata, kutsogolo kokha n'kuikako thabwa labwino, pofuna kuonetsa zomwezi. Gitalayo ikusungidwa ku Barcelona mpaka pano. Ngati ndalama zanu zikungokwanira thabwa lenileni limodzi, likhale lakutsogolo.

Kutsogoloko makampani ambiri amaikako Sitka spruce, mtengo woyera womera m'mbali mwa nyanja ku Alaska ndi kumadzulo kwa Canada. Ndi wopepuka koma wolimba, ndipo umapirira dzanja lolemera. Mutha kuukhwapula ndi piki, kapulasitiki kokhwatchira mawaya, pa nyimbo ya chitsitsimutso mawu osasweka. Wina ndi cedar, wofiirira ndi wofewa. Mlamu wanga ali ndi Seagull S6 ya ku Canada ya thabwa limeneli. Ukangoikhudza ndi nsonga ya chala yayankha kale, mawu ake ofunda, okoma pa nyimbo zapansipansi za pasiwa. Koma kwaya ikakweza, iwe n'kuwonjezera mphamvu, gitalayo imafika pothera, mawu n'kuyamba kuphwanyika. Chikhadabo chokha chimasiyanso chipsera pathabwapo. Woimba yekha kunyumba imamukwanira. Kutchalitchi kwathu, komwe amayi a sopulano saumira mawu, imamira.

Yomwe imapita nane kutchalitchi ndi Yamaha FG800, ndipo ndi imene ndakhala nayo nthawi yaitali. Yamaha inayamba kutulutsa magitala a FG mu 1966, ndiye iyi ndi mdzukulu wa m'banja limenelo. Kutsogolo ili ndi spruce weniweni. Msana ndi nthiti ndi matabwa omatiza a nato kapena okoume, mitengo yofananirako ndi mahogany koma yotsika mtengo. Mkati muli timitanda togwira thabwa lakutsogolo, ndipo anatisema mokumba pakati kuti thabwalo lizinjenjemera kwambiri. N'chifukwa chake besi yake ndi yonenepa kuposa momwe mungaganizire mukamva mtengo wake. Ndalama ya Martin D-28 imodzi yatsopano mungagulire ma FG800 oposa khumi, koma palibe munthu wa makutu abwino angakuuzeni kuti D-28 imakoma kakhumi.

Pali zina zomwe sindiikondera. Mawu a mawaya awiri aang'ono amauma ndipo amazima msanga, makamaka mukakwera pakhosi kudutsa fureti ya 7 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala). Ikamachoka m'shopu, mawaya amakhala atakwerako kuchoka pakhosi, zomwe zimatupitsa zala za munthu wongoyamba kumene mpaka kuganiza kuti gitala si yake. Yangayi ndinachotsa kachidutswa koyera ka pabuliji komwe mawaya amatsamirapo, n'kuikapo ka fupa lenileni m'malo mwa ka pulasitiki, nditakapala pansi ndi sandipepa kuti katsike. Ndi ntchito yaing'ono koma imasintha gitala yonse. Ngati simunaigwirepo, perekani kwa mmisiri wa m'shopu akuchitireni musanaitenge. Kwa alongo athu a m'kwaya, ndi aliyense wa thupi laling'ono, FS800 ndi gitala yomweyomweyo koma ya chiuno chochepa, yosatopetsa phewa. Ofuna kulumikiza ku sipika afunse FGX800C. Cort Earth 70 nayonso ili ndi spruce weniweni kutsogolo ndipo mtengo wake suli patali. Ndaiyesa, ndi gitala yachilungamo, kungoti besi ya Yamaha imandikhutitsa kuposa.

Taylor ndi yaing'ono pa zaka. Bob Taylor ndi Kurt Listug anaiyambitsa mu 1974 ku California, ndipo magitala ake otsikirako mtengo amapangidwira ku Tecate, m'dziko la Mexico. Ulemu wa Taylor uli pakhosi. Ndi lopyapyala, losalala, mawaya ali pafupi, moti kodi ya F yomwe imaliritsa ophunzira imagwirika popanda kulimbana nayo. Khosilo amalimanga ndi mabawuti osati guluu, ndipo monga kalipentala ndimavomereza nzeru imeneyi: likadzapendekeka pakapita zaka, mmisiri amalimasula n'kuliwongola tsiku lomwelo. Koma Taylor 114ce, yomwe anyamata ambiri amaisirira, ine siyinandigwire mtima. Mawu ake ndi oyera, akuthwa, owala. Oimba nyimbo zotamanda zamakono, okhala ndi kiyibodi ndi ng'oma kumbuyo, amaikonda chifukwa ikalumikizidwa ku sipika imaboola phokoso lonse n'kumveka. Ine ndikaiimba kanthawi khutu limatopa. Mawaya aang'ono amatsogola, besi n'kutsalira, ndipo zomwe chala chachikulu chikuchita sizimveka mokwanira.

Taylor yomwe ndinatulutsira ndalama ndi GS Mini, ya mahogany kutsogolo. Ndinaigula kwa munthu, itagwirako kale ntchito. Mtundu umenewu unatuluka mu 2010. Ndi kagitala kakang'ono, mawaya ake otalika pafupifupi masentimita 60 pamene a FG800 ndi 65, ndipo pofuna kuti asalendewere amaikako mawaya onenepa a nambala 13. Mahogany uja amaziziritsa kuthwa kwa Taylor, mawu n'kukhala ozungulira, ogwirana bwino. Besi yakuya musayembekezere, bokosi lake ndi laling'ono. Phindu lake lalikulu limaoneka mu Disembala. Amene anakwerapo basi ya ku Blantyre kuchoka ku Park Station akudziwa momwe katundu amavutikira: kutsitsidwa pa Beitbridge, kukankhidwa pakati pa matumba ndi mafiriji, kuphikidwa ndi kutentha kwa ku Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Gitala yaikulu kuilowetsa pansi pa basi ndi kuipereka nsembe. GS Mini imalowa nawe mkati m'chikwama chake chofewa, n'kukafika kumudzi ili yamoyo.

Chinanso chomwe ndimawalemekezera a Taylor ndi nkhani ya ebony, mtengo wakuda wa pakhosi pomwe zala zimaponda. Mu 2011 iwo pamodzi ndi kampani ya ku Spain ya Madinter anagula fakitale yocheka ebony ya Crelicam ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon. Atapeza kuti odula mitengo ankasiya kuthengo zipika zonse za mizere yotuwa chifukwa ogula ankangofuna zakuda bii, anayamba kuzigula ndi kuziika pa magitala awo. Mukaona mizere yofiirira pakhosi pa Taylor, si chilema.

Martin ndiye agogo a onsewa. Christian Frederick Martin, mmisiri wochokera ku Germany, anayamba ntchito ku New York mu 1833, ndipo mu 1839 anasamukira ku Nazareth, m'chigawo cha Pennsylvania, komwe fakitale ili mpaka lero. Kaumbidwe ka gitala yaikulu yotchedwa dreadnought, komwe Yamaha ndi Cort ndatchula zija anatengera, kanachokera kwa iwowa. Magitala awo awiri otchuka, D-28 ndi D-18, ndi ofanana msinkhu, onse a spruce kutsogolo, ndipo kusiyana kwawo kwakukulu kuli kumsana ndi m'nthiti: D-28 ndi rosewood ya ku India, D-18 ndi mahogany. Wofuna kumva ndi makutu ake zomwe mtengo umachita, ayese awiriwa motsatizana. Ine wogulitsa wina wa mtima wabwino anandilola kukhala nawo m'kachipinda ka magitala odula m'mawa wina wa pakati pa sabata, m'shopu mulibe anthu.

D-28 ukagunda kodi ya G kamodzi, chipinda chonse chimadzaza. Besi imatsika mpaka pamimba, mawaya aang'ono akunyezimira pamwamba, ndipo liwu lililonse limakoka timawu tina tambiri pambuyo pake, n'kuchedwa kuzima. Sindikutsutsa, ndi kukoma kwenikweni. Ambiri amanena kuti rosewood imasiya mpata pakati woti mawu a woimba akhalepo, ndipo kwa munthu mmodzi woimba yekha ndi zoona. Koma kwaya ili ndi abambo a besi pansi ndi amayi a sopulano pamwamba, malo omwewo amene rosewood imadzazamo. Gitala ndi anthu amayamba kulimbirana malo. D-18 imakhala pakati. Liwu limatuluka lowongoka, louma bwino, lagunda, lazima, lina lalowa. Oimba amamva pomwe phazi likuyenera kugunda, ndipo m'kwaya ntchito ya gitala ndi imeneyo.

Pa kaimbidwe ka zala kusiyanaku kumakula. Kwathu ambiri tinaphunzira poonera akuluakulu: chala chachikulu chikuyendetsa besi, chamkombaphala chikutola nyimbo pa mawaya aang'ono, kachigawo kakafupi kakubwerezedwa mothamanga, mwa njira yomwe malemu Daniel Kachamba a ku Chileka anaifikitsa patali. Kaimbidwe kotere kamafuna kuti liwu lililonse lichoke msanga kuti linzake lipeze malo. Pa D-28 mawuwo amakwerana, kayendedwe ka nyimbo n'kusokonekera. Rosewood ili ngati ndiwo zotendera: nsinjiro zimakoma, koma zikachuluka sudziwanso ngati ukudya nkhwani kapena chisoso. Pa mahogany chala chachikulu chimamveka pachokha, chamkombaphala pachokha, ndipo kulumikizana kwa ziwirizo, komwe ndi mtima wa nyimbo zathu, kumaonekera poyera.

Koma yomwe inanditenga mtima si D-18. Ndi Martin 000-15M, ya mahogany yekhayekha, kutsogolo, kumsana ndi m'nthiti momwe. Ndi yofiirira, yopanda zokongoletsa, vanishi wake wosanyezimira, moti pakhoma la m'shopu anthu amaipitirira. Chiuno chake ndi chochepa kuposa dreadnought, imakhala pantchafu bwino osakweza phewa. Mawu ake si aakulu. Ndi ofunda, olemera pakati, ofanana kuchoka pa waya wamkulu kufika pa wamng'ono popanda wina wokuwa kuposa mnzake. Ukaimba pang'onopang'ono imakutsata, ukalimbikira imakana kuchita phokoso, ndipo ndi pomwe ena amaidandaulira. Pa msonkhano wa panja popanda sipika, FG800 ingaipose. Komabe iyi ndi gitala imene ine ndikusungira ndalama za chipereganyu. Gibson J-45, yomwe inayamba mu 1942, nayonso ndi ya mahogany kumsana, ndipo besi yake imagunda mwamafuta, koma mtengo wake kuno ndi wa anthu ena.

Pali Martin zina zotsika mtengo za X Series, zopangidwira ku Navojoa ku Mexico, zomwe zimakopa anthu chifukwa cha dzina. Zambiri msana ndi nthiti zake ndi HPL, mapepala othinitsidwa ndi guluu wamphamvu, mtundu womwewo wa zomwe ine ndimamata pamwamba pa makabati a m'khitchini. Ndi zolimba zedi, sizisamala nyengo, ndipo zomwe zili ndi thabwa lenileni kutsogolo zimalira bwino ndithu. Komabe pa ndalama imeneyo ine ndingatenge Yamaha, yotsalayo n'kutumiza kumudzi.

Tikamatchula mitengoyi tisamaganize kuti yonse ndi ya kutali. Mahogany weniweni wa magitala akale ankachokera ku Central America ndi South America, koma wachepa, ndipo makampani ambiri tsopano amagwiritsa ntchito sapele wa kumadzulo ndi pakati pa Africa, kapenanso khaya. Khaya ameneyu ndi mbawa, womwe kwathu timapangira zitseko, mipando ndi mabwato. Phingo, womwe osema ziboliboli amaukonda, ndi wa banja limodzi ndi rosewood, ndipo kunja amapangira zitoliro zodula za clarinet. Mlombwa kuno amautcha kiaat. Ndimaugwira ntchito kawirikawiri, ndipo amisiri ena a muno opanga magitala pamanja amauika kumsana ndi m'nthiti. Ukagogoda thabwa lake louma bwino limayankha momveka. Malamulo a malonda a mitengoyi ndi ofunika kuwadziwa. Rosewood ya ku Brazil inatsekeredwa malonda a pakati pa mayiko ndi pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera za kuthengo la CITES mu 1992. Mu 2017 anawonjezera mitundu ina yonse ya rosewood, koma mu 2019 zoimbira zopangidwa kale anazimasula, kupatula za ya ku Brazil ija. Ndiye gitala ya rosewood ya ku India mutha kudutsa nayo pachipata. Cedar wa magitala asakusokonezeni ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje. Ndi mitengo yosiyana, ndipo wathuyo watsala pang'ono kutheratu. Munthu wokutsatsani matabwa ake mukaneni.

Tsono nkhani ya nyengo, yomwe ogulitsa ambiri sayitchula. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula kulibe, mpweya umauma gwa. Opanga magitala amalangiza chinyontho cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, pamene masana a mu Julayi kuno chimatsika kwambiri kuposa pamenepo. Onjezanipo hita yomwe timayatsa m'zipinda zathu zakuseri, ndi denga la malata lomwe masana likutentha usiku likuzizira. Thabwa likauma limafota m'lifupi, osati m'litali. Pa gitala lili lomatidwa mbali zonse, lilibe kothawira, ndiye limang'ambika motsata mizere, kawirikawiri kuchoka pabuliji kutsika m'munsi. Zizindikiro zimayamba kale: nsonga za mafureti zimatuluka n'kumakanda dzanja, thabwa lakutsogolo limalowa mkati, mawaya n'kuyamba kukhudza mafureti. Gitala yodula, ya matabwa enieni paliponse, ndi imene imavulala msanga. Ya msana womatiza imapirira.

Agogo athu a pa Theba ankadziwa vutoli. Magitala a Gallotone, opangidwa muno mu South Africa, omwe anthu a m'migodi ankagula n'kubwerera nawo kumudzi, anali ndi kapepala mkati kolonjeza kuti gitalayo sing'ambika. Imodzi mwa magitala oyamba a John Lennon inali Gallotone Champion yomweyo. Mawu ake sanali apamwamba, koma opanga ankadziwa kuti gitala ikukakhala m'komponi ndi m'sitima. Masiku ano mankhwala ake ndi osavuta. Gitala isamagone pakhoma nyengo yozizira, izikhala m'kesi yotseka. Tengani kabokosi ka sopo ka pulasitiki, kabooleni timabowo, ikanimo siponji yonyowa yofinyidwa bwino kuti isadonthe, n'kukaika m'kesimo pafupi ndi mutu wa gitala. Siponji ikauma muinyowetsenso. Mvula ikayamba cha mu Okutobala, chotsanimo. Amene mulibe kesi yolimba ndipo mumakhala m'chipinda cha malata, musagule gitala ya matabwa enieni paliponse, ngakhale ndalama zilipo.

Ambirife timagula zogwirako ntchito, pa Facebook Marketplace, pa Gumtree kapena m'mashopu a pinyolo monga Cash Crusaders, ndipo magitala abwino amapezekadi kumeneko. Ingopitani masana kukuwala. Yesani kulowetsa kapepala kuseri kwa buliji. Kakalowa, ndiye kuti guluu wayamba kusiya. Gonekani rula pa thabwa lakutsogolo kuseri kwa bulijiyo: kutukuka pang'ono n'kwachibadwa, koma mimba yaikulu ikutanthauza kuti timitanda ta mkati tamasuka. Yang'anani khosi kuchokera kumutu ngati mmene timaonera thabwa ngati lawongoka. Ngati mawaya ali kutali ndi khosi pa fureti ya 12 pamene kachidutswa ka pabuliji kapalidwa kale mpaka kutsala pang'ono, khosilo lagwa, ndipo pa gitala ya khosi la guluu kukonza kwake kungapose mtengo womwe mukugulira. Gogodani thabwa pang'onopang'ono ndi chala, mumvetsere ngati muli chogwedera. Za Martin ndi Taylor zachinyengo nazonso zilipo. Martin yeniyeni imakhala ndi nambala yake ndi mtundu wake zodindidwa pa chipika cha mkati pomwe khosi lalumikizana ndi bokosi, ndipo ntchito ya mkati imakhala yaudongo, yopanda guluu wotayikira. Walitsani tochi ya foni pabowo muone. Wogulitsa akakana kuti mumasule mawaya n'kuyang'ana mkati, bwererani ndi ndalama zanu.